Gulu la Banja: chithunzi cha anganga a Keyala

Mai a Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Dzulo ndinali kumudzi kukatenga nthochi ndiye posesa mnyumba ya malemu anganga ndapeza chithunzi mu sutikesi yamalata ija, chinakulungidwa munyuzipepala pamodzi ndi mendulo ziwiri. Chiswe chadya ngodya imodzi koma nkhope zikuoneka. Ndatumiza apa, tione ngati tingachiike pa matisheti a chiliza

Yami: Eeee koma anganga anali bwana eti 😂 koma alipo awiri, athu ndi ati?

Malume Duncan: Wa chipewa chopinda mbali imodziyo ndi bambo. Onani makutu, ngati a Yami. Ndipo pa chiliza mulembe kuti anamenya nkhondo ku Burma, ankatiuza tili ana pamoto

Aunt Esnart: Achimwene ayi, bambo ndi wa chisoti chamchirayo, wakabudula. Ine ndinkawameta ndevu atakalamba, chibwano chimenecho ndachidziwa

Malume Duncan: Iwe unali mwana

Tadala: Malume, aunt, dikirani pang'ono ndachikulitsa pa laputopu. Wa chisoti chamchira, kabudula wa khaki ndi nsalu zokulunga mmiyendo kuchokera pa akakolo mpaka mmawondo, amenewo ndi mavalidwe a Keyala, King's African Rifles, imene inakhazikitsidwa 1902 ndipo mabataliyoni a kuno anali 1 ndi 2, kuno ku Zomba. Koma chisoti chokhacho sichikwana kutiuza chaka chifukwa ankavala kuyambira nkhondo ya 1914 isanayambe mpaka kutsogolo pa pelete, komanso apolisi ndi amesenjala a pa boma nawo ankavala zisoti zofananako. Chofunika ndi baji, ya Keyala imakhala lipenga ndi nambala ya bataliyoni. Pa chithunzipa baji yangokhala kadontho koyera

Yami: Aphunzitsi ayamba kalasi

Tadala: Iwe khala chete. Winayo wa chipewa chotambalala ndiye wa nkhondo yachiwiri ndithu, ndipo paphewa pake pali kachigamba kakuda. Ngati ndi mutu wa chipembere ndiye 11th East African Division, amene anakamenyana ndi a Japan ku Burma 1944. Ali ndi mizere iwiri pamkono, ndi kopolo. Achemwali tajambulani phewalo pafupi, panja padzuwa osati ndi fulashi

Mai a Chisomo: Foni yanga ndiyosweka galasi koma ndiyesa. Chikuoneka ngati nkhumba ine 😂

Malume Duncan: Mwamva, chipembere. Bambo ankanena za misundu yogwa mmitengo, mvula yoposa ya kuno ku Thyolo, nsapato kuolera kuphazi

Tadala: Achemwali mendulozo, ija yooneka ngati nyenyezi pakati palembedwa chani?

Mai a Chisomo: Ndapukuta ndi phulusa, palembedwa THE AFRICA STAR. Inayo ndi yozungulira ili ndi mutu wa mfumu

Tadala: Chonde musapukutenso ndi phulusa zifufutika. Africa Star ndi ya amene anamenya konkuno ku Africa, athu ambiri anali ku Somaliland ndi Abyssinia 1941 kulimbana ndi Ataliyana. Ya ku Burma imalembedwa THE BURMA STAR. Vuto mendulo za nkhondo yachiwiri ankapereka zopanda dzina, za 1914 ndi zimene ankalemba dzina ndi nambala mmphepete

Aunt Esnart: Ndiye ndimanena ine. Wa ku Burma anali ang'ono awo aja anakamwalira ku Limbuli, nkhani za misundu zinali zawo, bambo ankangobwereza akaledzera

Malume Duncan: Munthu akhoza kupita konse kuwiri, mendulo ina inasowa nthawi imene nyumba inapsa. Ine ndasonkha 80 pin pa chilizachi, Burma alembedwe

Bambo a Chisomo: Akuluakulu pepani kulowerera, ine ndine mkamwini chabe koma wolemba mwala ku Luchenza akufuna mawu pofika pa 20, akalemba safufuta. Bwanji tilembe dzina, zaka ndi KAR basi, zinazo munene pamwambo

Yami: Matisheti tiikepo onse awiri, onse ndi anganga athu basi

Aunt Esnart: Pa tisheti ndavomera. Koma chithunzi chipite kaye kwa azakhali ku Thekerani, ali ndi zaka 91 koma maso ali bwino, azilongo awo sangawasokoneze

Tadala: Ine Lachisanu ndipita ku National Archives ndikafunse, koma ndikufuna nambala ya usilikali. Achemwali fufuzaninso mu sutikesimo, kabuku kalikonse kapena pepala la penshoni, ngakhale long'ambika musataye

Mai a Chisomo: Muli mapepala ena omatana ndinati ndiyatsire moto 🙈 ali pakhonde

Tadala: MAYO musayatse!!

Mai a Chisomo: Ndauza Chisomo awalowetse. Loweruka ndipita ku Thekerani koma ya kabaza munditumizire pa Mpamba, msewu uja si wa njinga yakapalasa

Malume Duncan: Nditumiza ine. Ndipo ndipita nawe ndikamve ndekha