Zotsalira m'matumbo zikutiwonongera CT colonography

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sabata ino tajambula anthu atatu CT colonography (kujambula matumbo aakulu ndi makina a CT), awiri adokotala awalembera C0, akuti palibe chomwe angawerengepo. Madzi adzaza mu sigmoid (chigawo cha kumunsi kwa matumbo aakulu), chimbudzi chamamatira kukhoma ngati ma polyp (tizotupa tomera m'matumbo). Timawamwetsa Moviprep, mankhwala otsuka m'mimba, dzulo lake monga amachitira a colonoscopy (kuunika m'matumbo ndi kamera). Tikulakwitsa pati?

Phiri wa ku Leeds: Achemwali, Moviprep imasiya madzi ambiri. Wa colonoscopy amangowayamwa ndi chipangizo chake, inu pa CT mulibe choyamwira. Tagging, kuwamwetsa mankhwala owalitsa zotsalira pachithunzi, mumachita?

Nabanda: Ayi, sitinayambe.

Phiri wa ku Leeds: Vuto lagona pamenepo. Amwetseni Gastrografin, mankhwala okhala ndi ayodini, dzulo lake. Chotsalira chilichonse chimasakanikirana ndi ayodini n'kuwala mbee pachithunzi, pomwe polyp imakhalabe yotuwa, imaoneka ngakhale itamira m'madzimo. Kuno ku England zipatala zambiri zimangopereka Gastrografin yekha, poti naye amatsegula m'mimba, ndipo okalamba safooka naye kwambiri. Kungoti afunseni kaye ngati ayodini anawavutapo. Kafukufuku wa ku America wa ACRIN wa 2008, amene anapeza 90 peresenti ya ma adenoma (ma polyp otha kusanduka khansa) ndi khansa za 10mm kupita m'mwamba, onse anachita tagging. Popanda iyo musayembekezere nambala imeneyo.

Sisita Nangondo: Mankhwala pambali, mumawauza chiyani pa zakudya? Ine ndinauzapo bambo wina kuti adye zopepuka. Anakamwa phala la mgaiwa lotendera, madzulo n'kuwonjezera magwafa awiri, ati zipatso sizilemera. Njere zonse tinazipeza mu caecum, poyambira matumbo aakulu. Kuyambira tsikulo ndimatchula dzina ndi dzina: nsima ya ufa woyera, mpunga, dzira, nsomba, buledi woyera. Mgaiwa, nyemba, nkhwani, mtedza, mango ndi magwafa ayi. Kapepala kachingerezi ka malangizo kaja amangokapinda n'kuika m'thumba, ndiye muuzeninso amene amaphika pakhomopo.

Nabanda: Koma inu, mmodzi mwa awiriwo anandiuzadi kuti anadya nyemba pang'ono basi!

Mwale: Onjezanipo ichi. Jambulani chagada ndi chafufumimba, onse. Chimbudzi chimagubudukira pansi munthu akatembenuka, ndipo mkati mwake mumakhala timathovu ta mpweya. Polyp imakhala pomwepo, kupatula ya phesi ija, imalendewera n'kukupusitsani. Komanso matumbo osafufuma bwino amabisa zinthu kuposa akuda. Mumapopera chiyani m'matumbo kuti afufume?

Nabanda: Mpweya wamba, pamanja. CO2 tilibe.

Mwale: Zimatheka, kungoti wodwala amamva kupotokola nthawi yayitali chifukwa mpweya wamba umachedwa kutha kusiyana ndi CO2. Buscopan 20mg, mankhwala omasula minofu ya matumbo, amathandiza, bola mtima uli bwino. Onani scout, chithunzi choyamba chounikira, musanayambe, sigmoid ikakhala yofwapa onjezani mpweya.

Nabanda: Ndamva. Mawa ndikakambirana ndi adokotala za Gastrografin. Asisita, nditumizireni mndandanda wanu uja wa Chichewa, awiriwa ndikuwaitananso Lachinayi.