Kodi "make mbuu, mwana mbuu" akunena magazi kapena kaleredwe?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Kwathu akana ukwati wa msuweni wanga, ati mayi a mtsikanayo anagonekedwapo kuchipatala cha odwala matenda a ubongo ku Zomba. Amalume anangoti "make mbuu, mwana mbuu", nkhani n'kuthera pomwepo. Kodi mbuu ameneyu n'chobadwa nacho kapena n'chochita kutola?

Mayi wa ku Dedza:
Mbuu ndi kutuwa, mwanawe. Munthu wosasamba, wosadzola, miyendo ngati wagona paphulusa. Nanga khanda limabadwa lotuwa? Limatuwa chifukwa woti alisambitse nayenso madzi sawadziwa. Agogo athu ankanena izi podzudzula uve ndi ulesi wa pakhomo. Zoletsera maukwatizi ndikuzimva lero.

Bambo wa ku Kasungu:
Mayi, mbuu mwamasulira bwino, koma zakumtundu ziliko. Makolo sankapenga pomafufuza banja asanatume ankhoswe. Pali mabanja oti agogo, bambo, mdzukulu, onse mutu umawasokonekera.

Namwino:
Bambo simukunama, koma mwakuza. Tengani schizophrenia, matenda aja munthu amamva mawu oti ena sakuwamva. Kholo limodzi likakhala nawo, ana pafupifupi 9 mwa 10 sadwala. Ngakhale mapasa ofanana ndendende, mmodzi akadwala, mnzakeyo amadwalanso pa theka chabe la mapasa otere. Magazi amodzimodzi, koma wina ali bwinobwino. Kwinako kumachokera ku zimene ubongo wakumana nazo: mavuto pobadwa, nkhanza paubwana, chamba chosuta ukadali wamng'ono.

Ndipo ku Zomba sikupita matenda amodzi. Ena ndi amayi oti mutu unasokonekera atangobereka, anathandizidwa n'kubwerera kwawo kukalima. Amalumewo anafunsa kuti mayiwo ankadwala chiyani?

Chimene chimandidandaulitsa ine n'chakuti timaopa mtundu wa eni ake, zapakhomo pathu osaziona. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikuthera pa msinkhu, kumafika mpaka m'kalasi. Malungo a muubongo amasiyira ana ena khunyu kapena kuvutika kuphunzira. Mayi woyembekezera akamasowa ayodini, uja amathira mumchere wa m'mapaketi, ubongo wa mwana sukula bwino. Mwana wotere akamalephera Sitandade 3 timangoti watengera make.

Mphunzitsi wopuma:
Ndiikire ndemanga. Ku Romania, boma la Ceaușescu litagwa mu 1989, m'nyumba zosungira ana munapezeka makanda ambirimbiri ongogona pabedi, opanda wowanyamula kapena kuwalankhula. Ofufuza ku Bucharest anaona kuti amene anapatsidwa mabanja asanakwanitse zaka ziwiri nzeru zawo zinakwera kuposa amene anatsalira. Mwambi wa apa ndi "m'mera mpoyamba". Amalumewo atola mwambi wa mtsuko ndi sopo n'kukaweruzira matenda.

Bambo wa ku Kasungu:
Chabwino, koma mmodzi mwa khumi uja nayenso ndi munthu. Kufunsa sikulakwa.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Nanga amalume ndiwayamba bwanji? Miyambi amaidziwa kuposa ine.

Mayi wa ku Dedza:
Usakalimbane nawo wekha, angakuyese wamwano. Pita kwa azakhali kapena agogo amene iwo amawamvera, ukawafotokozere zimene anena anamwinowa. Mtsikanayo amuone kaye n'kucheza naye.