Kodi "ng'ombe yaikazi siikoka ngolo" ndi mwambi wa makolo? Nanga ukunena chiyani kwenikweni?

Wofunsa wa ku Chiputula

Akuluakulu, ndithandizeni. Mawu awa amamveka kawirikawiri muno mu Mzuzu pakakhala zosankha atsogoleri, kaya ndi komiti ya sukulu, ya msika kapena ya kumpingo: "ng'ombe yaikazi siikoka ngolo." Wonenayo amayamba ndi "akuluakulu anati," ndiye anthu onse amangoti zii. Kodi ndi mwambi wakaledi? Komanso "siikoka" ameneyu akundisokoneza. Akutanthauza kuti singathe kukoka, kapena kuti eni ake saiika pagoli? Zinthu ziwirizi n'zosiyana kwambiri.

Mlangizi wa ziweto, Mzimba

Achimwene, tiyambe ndi ng'ombe yeniyeniyo tisanafike kwa anthu. Yaikazi imakoka. Alimi ambiri ku Zimbabwe ndi ku Zambia amalimitsa ndi kukoketsa zazikazi pamene zofula zachepa. Ng'ombe iliyonse yophunzitsidwa ndi yodya bwino imakoka ndi mphamvu yokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kwa maola 4 kapena 5, makamaka m'mawa dzuwa lisanakule. Yaikazi imapepuka poyerekeza ndi yofula ya msinkhu womwewo, choncho katundu wake amachepa. Kusiyana kwa mphamvu kumathera pomwepo.

Chomwe mlimi amaisungira kukhola ndi chuma. Imakhala ndi bere miyezi 9 ndi masiku pang'ono, kenako imayamwitsa. Mukaigwiritsa ntchito yolemetsa osawonjezera madeya, mchere ndi msipu wabwino, imawonda, mkaka umatsika, ndipo imachedwa kufunanso nkhunzi. Ndiye kuti mwataya thole la chaka chimenecho. Amene amazigwiritsa ntchito amazipumitsa miyezi iwiri kapena itatu zisanabereke, ndi mwezi umodzi kapena iwiri zitabereka.

Koma pali chinthu chimene onena mwambiwu sanena. Nkhunzi nayonso kawirikawiri siikoka ngolo. Zimene mumaziona zikukoka ngolo za chimanga ku Euthini kapena ku Embangweni ndi zofula. Nkhunzi yosafula imavuta: imamenyana ndi inzake pagoli, ikanunkhiza yaikazi imasiya msewu, ngolo n'kugwera m'ngalande. Choncho mlimi amaithena ikadali yaing'ono, ambiri ndi chopanira chija cha Burdizzo, mtsempha umodzi umodzi, osapana pakati penipeni pa thumba kuopa kuti lingawole. Ikafika zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu, maphunziro amayamba. Poyamba chingwe chokha kuti izolowere kutsogozedwa ndi kumva mawu. Kenako goli ndi zikeyi, ataiphatikiza ndi inzake yozolowera kale. Ikatero ikoke chipika, kenako ngolo yopanda kanthu, katundu pomalizira. Masabata atatu kapena anayi, tsiku ndi tsiku. Mukadumpha chipika n'kuthamangira ngolo, phokoso la mateyala kumbuyo limaidzidzimutsa ndipo mantha amenewo sachoka msanga.

Yokoka ngolo ndi ng'ombe yophunzitsidwa, ndipo umuna umene anthu akuunyadirawo ndi umene umachotsedwa poyambirira.

Mphunzitsi wa Chichewa, Katoto

Alangizi mwatsegula bwino. Ine nditenge za zaka za mwambiwu. Mwambi sungakhale wakale kuposa chinthu chimene ukutchula. Makolo a nthawi ya Kalonga analibe ngolo. Katundu ankasenza pamutu, ndipo ngakhale azungu atafika ankadalira amtengatenga ndi machila. Liwu lakuti ngolo ndi limodzi ndi inqola la Chizulu ndi ngoro la Chishona, ndipo chikeyi chinachokera ku skei wa Chiafrikaans. Ziwiya zimenezi ndi mayina ake zinabwera kuchokera kummwera nthawi ya atsamunda. Goli lokha ndiye liwu lakale, koma kalelo linali mtengo wa mphanda womangira akapolo m'khosi. Ng'ombe zinangolilandira.

Onaninso kapangidwe kake. Miyambi yakale imakuluwika: "mutu umodzi susenza denga," "mapanga awiri avumbwitsa." Mwambi wotere umafunika kuumasula, ndipo umagwira mfumu, mwana, mkazi ndi mwamuna yemwe. Uwu wa ng'ombe suphimba kanthu, wangoika "yaikazi" poyera kuti aliyense adziwe amene akunenedwa. Ndi chida cha pamsonkhano. Unamveka kwambiri pa ndale nthawi imene mayi Joyce Banda anali pampando, kuyambira mu 2012 atamwalira Bingu wa Mutharika mpaka chisankho cha 2014.

Pa funso la "siikoka": mneni wotere m'Chichewa amanena za chizolowezi. Tikati "mlendo sathyola mphasa" sitikunena kuti alibe manja. Wofuna kunena za kulephera amati "singakoke." Omwe amautchula pa zisankho amalankhula "siikoka" koma akufuna timve "singakoke."

Adada a ku Ekwendeni

Aphunzitsi, pepani, pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Kukhala watsopano sikuuchotsa pa miyambi. "Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda" nawonso ukutchula chovala chobwera, koma palibe amaukana. Miyambi imabadwa m'badwo uliwonse.

Ndipo kuno kumpoto, kumene ng'ombe ndi chuma cha malowolo, yaikazi ndiyo yamtengo. Khola limakula ndi zazikazi. Yofula ikakalamba imapita kwa abutchala, yaikazi imasiya mzere wa ana. Munthu wa kwa M'mbelwa akanena kuti yaikazi siikoka ngolo angathe kutanthauza kuti chinthu chamtengo sachiika pa ntchito yothyola msana. Ine ndimaumva ngati ulemu ndi kugawana ntchito, osati chipongwe.

Mayi wa za jenda, Luwinga

Yewo adada, mwanena zoona za khola, ndipo mwafika penipeni pamene omenyera ufulu wa amayi amagawanikana okhaokha.

Ulemu umenewo uli ndi mtengo wake. Ng'ombe yosungidwa kukhola chifukwa cha mkaka ndi matole siisankha kumene ngolo ikupita. Komanso m'moyo wa anthu kusungidwako kulibe. Pitani ku msika waukulu wa Mzuzu mbandakucha muone amene asenza madengu a tomato, nthochi ndi mitolo ya nkhuni. Ntchito yothyola msana amayi akuigwira kale, palibe amawatchulira mwambi. Mwambiwu umatuluka pokhapokha pakakhala mpando.

Tsopano omenyera ufulu aja ali m'magulu awiri. Loyamba limati vuto ndi jenda yeniyeniyo, kutanthauza mndandanda wa zimene mtundu umayembekezera kwa munthu chifukwa cha thupi limene anabadwa nalo: mwamuna salira, mkazi sakweza mawu, uyu nkhwangwa, uyu mthiko. Iwo amati mndandandawu suli ngati mbali ziwiri zofanana za mbale imodzi, koma makwerero, wina pamwamba wina pansi, ndiye kuukonza sikuthandiza, uchotsedwe. Thupi likhale nkhani ya kuchipatala basi, lisamauze munthu ntchito, chovala kapena khalidwe. Chitsanzo chimene amakonda kuno kwathu ndi lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, limene linachotsedwa mu 1993. Chinthu chimene chinkaoneka ngati chilengedwe chinapezeka kuti chinali cholembedwa ndi anthu, ndipo dziko silinagwe.

Lachiwiri limati ayi, umayi ndi ubambo si ndende zokha. Amayi a mu Africa akhala ndi mphamvu kudzera mu umayi womwewo, ndipo mukafafaniza zonse muwalanda ndi mipando imene anali nayo. Amatchula Makewana wa ku Msinja, amene ankatsogolera zopempha mvula, ndi Nyangu, amene ufumu wa Kalonga unkadutsira mwa iye. Kwa iwowa chofunika ndi kuchotsa zonyoza ndi zotsekereza, osati mayina akuti mwamuna ndi mkazi.

Pa mwambi wa ng'ombewu magulu onse awiri amagwirizana kuti ndi wabodza. Rose Chibambo, wa ku Mzimba konkuno, amene nkhope yake ili pa K200, anasonkhanitsa amayi a chipani cholimbana ndi atsamunda cha Nyasaland African Congress ndipo anamangidwa mu 1959. Catherine Gotani Hara, wa ku Mzimba yemwenso, anakhala sipikala woyamba wamkazi wa Nyumba ya Malamulo mu 2019.

Mphunzitsi wa Chichewa, Katoto

Mayi, pa gulu loyambalo chinenero chathu chili ndi umboni wa mbali zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake sindikhulupirira amene amati jenda yonse inabwera ndi azungu, ngakhalenso amene amati zonse n'zachilengedwe.

Chichewa chilibe mlowam'malo wosiyanitsa mwamuna ndi mkazi. "Iye wabwera" sakuuzani kuti wabwerayo ndani. Maina a ubale akale amayang'ana kubadwa: mkulu wanga, mphwanga. Mlongo si "mkazi"; ndi m'bale amene si mnzako pa umuna kapena ukazi, choncho mtsikana amatchula mnyamata wobadwa naye kuti mlongo wanga, mnyamatayonso chimodzimodzi. Mlongo wa bambo ako ndi atate aakazi. Malume, liwu lofanana ndi umalume wa Angoni, ukaliphwanya ndi "mayi wamwamuna." Apa ubambo ndi umayi ndi malo a m'banja amene munthu wa thupi lililonse angakhalepo. Katswiri wina wa ku Nigeria, Oyeronke Oyewumi, analemba mu 1997 kuti kwa Ayoruba a ku Nigeria ukulu wa kubadwa ndiwo unkasanja anthu kuposa umuna ndi ukazi, ndipo maina athuwa akupita komweko.

Koma tisadzinamize. Chichewa chomwecho chimati mwamuna akwatira, mkazi akwatiwa. Wina wochita, wina wochitiridwa. Chitumbuka chimati kutola ndi kutengwa. Munthu akalimba mtima timati wachita chamuna, ngakhale ali mayi. Ndipo m'mbumba ya Achewa, ngakhale mtundu ndi munda zimatsata kuchikazi, mwinimbumba wolankhula pa milandu ndi mtsibweni. Izi sizinatsike m'sitima.

Namwino wa ku Mchengautuwa

Ine ndili ndi gulu lachiwiri, koma pa chifukwa cha ntchito osati cha mwambo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliyonse ndipo asapitirire 60. Kuti muone ngati lamulolo likutsatidwa muyenera kuwerenga amuna padera, akazi padera. Tchuthi cha uchembere, masabata osachepera 8 pa malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu, chimafunanso kuti lamulo litchule amene amatenga pathupi. Mukathamangira kunena kuti tonse ndife anthu basi, olemba ntchito akondwa, chifukwa palibenso chowawerengera.

Alangizi ananena kuti yaikazi yokoka ngolo imafuna madeya owonjezera ndi miyezi yopuma. Kwa anthu n'chimodzimodzi. Choipa si kuvomereza kuti bere lilipo. Choipa ndi kutenga miyezi ingapo ya bere n'kuisandutsa chiletso cha moyo wonse, mpaka kwa agogo amene anasiya kubereka kalekale.

Mayi wa za jenda, Luwinga

Anamwino, ambiri a gulu loyamba sakukana zimenezo. Amasiyanitsa thupi ndi jenda: werengani matupi, tetezani uchembere, koma fafanizani mndandanda wa makhalidwe. Pamene pamavuta ndi pa malire. Kulera khanda usiku ndi thupi kapena ndi mndandanda? Kuyamwitsa ndi thupi, koma kuchapa matewera ayi. Kusintha kwa lamulo la ntchito mu 2021 kunapatsa abambo masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa, ndiye lamulo lavomereza kale kuti mbali ina ya ulezi si ya mayi yekha. Mkangano umayambiranso pa funso lakuti mbaliyo ndi yaikulu bwanji.

Wa kabaza, Zolozolo

Nkhani ya nkhunzi ija musaidumphe, achemwali. Mwambiwu umapweteka ndi ife. Ngati yaikazi siikoka, ndiye kuti yaimuna ikoke yokha mpaka kugwa, ndipo isadandaule chifukwa mwamuna salira. Ngongole ikakula munthu sauza mkazi wake, kuopa kuoneka wochepa. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Kwinaku anyamata akuuzidwa kuti tonde azinunkha. Akutipatsa goli la yofula ndi khalidwe la nkhunzi nthawi imodzi.

Wofunsa wa ku Chiputula

Zikomo nonse. Alangizi, kafunso komaliza ka ng'ombe zenizeni: yaikazi ndi yofula zingakhale pagoli limodzi?

Mlangizi wa ziweto, Mzimba

Zingathe, bola zifanane msinkhu ndi mayendedwe. Goli silidziwa kuti iyi ndi yaikazi, limadziwa kutalika kwa khosi. Imodzi ikatalika, goli limapendekeka, kulemera kumatsikira kwa yaifupi, ndipo pakatha masiku ochepa khosi lake limasupuka n'kuchita chilonda. Ngati zafanana msinkhu koma imodzi ndi yopepuka, sunthani pomangira tcheni kapena mtanda wa ngolo pang'ono kupita mbali ya yamphamvuyo, kuti yopepukayo ikhale ndi mbali yaitali ya goli. Palani goli likhale losalala pamene likhudza khosi, musazimange khosi lili lonyowa ndi mvula, ndipo katundu m'ngolo ya mateyala awiri akhale pamwamba pa ekiselo, chifukwa akapita kutsogolo amakanikiza makosi, akapita kumbuyo amanyamula goli n'kuzitsamwitsa.