Kodi ana angaphunzire bwanji kusintha okha kukula kwa bwalo la masewera?

MphunzitsiWatsopano:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa phunziro la masewera olimbitsa thupi, ana a zaka 9 mpaka 11 amangotsata malire amene aikiridwa. Masewera akavuta kapena akaphweka mopitirira, sazindikira kuti chalakwika ndi malo. Tingawaphunzitse bwanji kukulitsa ndi kuchepetsa bwalo okha, phunziro osasanduka chipwirikiti? Ana alipo 40, makoni (zizindikiro zapulasitiki zoikira malire) 30.

KochiWaAna:
Aphunzitsi, yambani ndi masewera osavuta kuwerenga zotsatira zake: atatu akupatsirana mpira, mmodzi ali pakati kufuna kulanda. Ana 40 ndiye kuti magulu 10 a anayianayi. Gulu lililonse likhale ndi bwalo la mamita 8 mbali zonse.

Asewere mphindi ziwiri akuwerenga mokweza kuti apatsirana kangati wapakati asanagwire mpira. Imbani wenzulo, koma musawauze chochita. Afunseni: "Akuvutika ndani, opatsirana kapena wolanda? Chifukwa chiyani?" Kenako apatseni lamulo limodzi lokha. Akapatsirana kopitirira 10 mosadukiza, asendeze koni iliyonse sitepe imodzi kulowa mkati. Akamalephera kufika katatu, aisendezere kunja. Asewerenso mphindi ziwiri, ayerekeze manambala.

Chimene tikufuna achitulukire okha n'chakuti bwalo lalikulu limapatsa wokhala ndi mpira nthawi yoyang'ana ndi kusankha, pomwe laling'ono limathandiza wolanda. Mwana akaona yekha kuti 12 yatsika kufika pa 5 chifukwa cha sitepe imodzi, sakuiwalanso. Za makoni musadandaule, mukalumikiza mabwalo m'mizere iwiri ya asanuasanu, 18 akwana.

MayiWaNetball:
A Kochi, zonse zili bwino kupatula kulumikiza mabwaloko. Koni imodzi ikakhala malire a magulu awiri kapena anayi, gulu lina likamakulitsa ndiye kuti likudyera anzawo malo, mkangano wayamba kale. Bwalo lililonse likhale ndi zizindikiro zake zinayi, ndipo pakati pa mabwalo musiye mamita atatu, kuti akakulitsa patsalebe mpata. Mabwalo 10 akufuna zizindikiro 40. Khumi zotsalazo mutha kugwiritsa ntchito mabotolo apulasitiki othira mchenga pang'ono. Miyala ndi njerwa ayi, mwana akagwerapo ndi nkhani ina.

Komanso malo si kukula kokha, maonekedwe nawonso. Akazolowera, auzeni asendeze makoni, bwalo likhale mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi. Muona kuti kupatsirana cham'mbali kwatha, ayamba kuponya kutsogolo ndi kuthamangira kumbuyo kwa wolanda. Likakhala lotambalala, amayamba kumwazikana m'mbali, vuto lija lounjikana pa mpira ngati njuchi limachepa lokha.

Ku England aphunzitsi ambiri amatsata njira yotchedwa STEP, yomwe imati masewera amasinthidwa pa zinthu zinayi: malo, ntchito, zipangizo ndi anthu. Inu gwirani malo pokha kaye. Mukalola ana kusintha bwalo, mpira ndi chiwerengero cha osewera nthawi imodzi, sadziwa chimene chabweretsa kusinthako.

MphunzitsiWatsopano:
Zikomo amayi. Nanga gulu likasemphana maganizo?

KochiWaAna:
Za makoni ndagonja, amayi anena zoona. Kusemphanako kumachitika chifukwa opatsirana ndi atatu, ndiye akavota amapambana nthawi zonse, bwalo n'kumangokula wapakati ali wefuwefu. Musavotetse. Manambala aja ndiwo aziweruza, ndipo wosendeza makoni akhale mmodzi, azisinthana pa chigawo chilichonse. Wapakati nayenso asinthidwe pakatha mphindi iliyonse, walanda kapena sanalande.

Ikaninso malire a kusinthako: osachepera mamita 5, osapitirira 10. Pa masewera othamangitsana samalani kwambiri ndi kuchepetsa, poti ana othamanga liwiro pamalo opanikizika amawombana mitu. Pamenepo bwalo likachepa, aziyenda ndawala m'malo mothamanga. Ndipo ngati akuyeza ndi masitepe, woyeza akhale yemweyo mbali zonse zinayi, apo ayi bwalo lituluka lokhota chifukwa miyendo njosiyana.