Bambo akuti ana atsogole ku England, iwo adzabwera m'mbuyo: zitheka?

Nachisale (masamu, Luton): Achemwali anga m'gulu muno, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndatha miyezi 9 ndikuphunzitsa kuno pa Skilled Worker visa ya zaka zitatu, ndipo tindalama toitanitsira banja ndasonkhanitsako. Vuto ndi loti bambo a kunyumba kontirakiti yawo ku Lilongwe ithera mu March chaka chamawa, sakufuna kuisiya panjira. Ndiye tinapangana kuti ana awiri, wa zaka 12 ndi wa zaka 7, atsogole kuti ayambe sukulu mu September. Palinso mwana wa malemu mng'ono wanga yemwe ndamulera kuyambira ali ndi zaka 3, sindingamusiye. China, ukwati wathu ndi wa chinkhoswe basi, setifiketi tilibe. Ndiyambire pati?

Nabanda (sayansi, Leeds): Asisi, musalipire kanthu kaye. Zoti ana atsogolezo ndi pomwe ine ndinapsa. Lamulo la Home Office, unduna woona za maviza kuno, limafuna kuti makolo onse awiri a mwana akhale kuti ali ndi chilolezo chokhala kuno, osati cha mlendo wodzacheza, kapena akufunsira viza nthawi imodzi ndi mwanayo. Kholo limodzi lokha amalola ngati linzake linamwalira, ngati udindo wonse wolera mwanayo uli pa iwe wekha, kapena pali chifukwa china chachikulu kwambiri. Ine ndinatumiza kalata ya bambo ake yoti avomera ana apite, yodindidwa bwinobwino kwa loya, ndikuganiza kuti ndamaliza. Anatikana. Kalatayo ndi imene inatsimikiza kuti bambo alipo ndipo amalera nawo ana. Ndalama ya IHS, yolipiriratu chithandizo cha chipatala kuno, inabwerera, koma ya viza inapita ulendo wa madzi a mumtsinje.

Nachisale: Mayo ine. Kalata ngati imeneyo ndi yomwe bambo akukalembetsa Lachisanu likubwerali.

Naphiri (English, Coventry): Auzeni asavutike nayo. Njira ndi yoti bambowo afunsire viza yawo pamodzi ndi ana, tsiku limodzi. Ikatuluka abwere nawo anawo, akhale masabata angapo a tchuthi, kenako atha kubwerera kukamaliza kontirakiti. Viza ya dependant, ya wapabanja wotsatira mwini viza ya ntchito, simumangirira munthu pampando. Chokha choti mudziwe, pa malamulo omwe takhala tikuyendera, wofuna kudzakhazikika kuno asakhale kunja masiku opitirira 180 pa miyezi 12 iliyonse, ndipo zimenezi zimakhudzanso mwamuna kapena mkazi wobwera ngati dependant. Kuchokera September kufika March mwadutsa kale malire amenewo, ndiye muwerenge masiku bwino, mwina adzabwereko pa Khirisimasi.

Koma asisi, ndifunse za kunyumba, pepani ngati ndalowa pakhomo osaodira. Mukakhala nokha ndi ana awiri, wa zaka 7 akuweruka cha m'ma 3 koloko, inu muli ndi misonkhano ya dipatimenti ndi mulu wa makope oti muchonge, adzamutenga ndani? Kuno kulibe azakhali a pafupi. Ine chaka choyamba kalabu ya ana akaweruka inkandidyera ndalama mpaka ndinkalira.

Mai a mapasa (pulayimale, Reading): Ndiike masamu apa, ngakhale mphunzitsi wa masamu ndinu. IHS kuyambira February 2024 ndi £1,035 pachaka kwa wamkulu ndi £776 kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo amafuna yonse pakamodzi. Viza ya banja imatha tsiku limodzi ndi yanu. Mwatsala ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu, koma miyezi itatuyo amaiwerenga ngati theka la chaka, ndiye mulipira za zaka ziwiri ndi theka: bambo £2,587.50, mwana aliyense £1,940. Pamodzi £6,467.50, musanakhudze ya viza yeniyeniyo, yomwe aliyense amalipira yake, ndi matikiti a ndege. Anzathu anamwino IHS salipira, ife a choko tilibe mwayi umenewo.

Kuonjezera apo muonetse ndalama yodyera: £285 ya bambo, £315 ya mwana woyamba, £200 ya wachiwiri, zonse £800. Ikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi. Ine lendi inadulidwa tsiku la 26, ndalama n'kutsika ndi £40, ndinayambiranso kuwerenga. Funsaninso a HR, oona za antchito kusukulu kwanu, ngati sukulu inavomera pa CoS yanu, chikalata chomwe inakupatsani chofunsira viza, kuti idzasamala inu ndi banja mwezi woyamba. Ngati inatero, za sitetimenti ya banki mwapulumuka.

Nabanda: Ndipo lipirani ndi khadi lanu la kuno. Ndi mmene forex ikuvutira kumudzi, khadi la bambo likhoza kukana pakati pa fomu.

Nangondo (SEN, maphunziro a ana ofunika chithandizo chapadera, Birmingham): Za chinkhoswe musachite nazo mantha kwambiri. Lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo ngati ukwati weniweni. Koma wowerenga mafomu anu sadziwa kuti tambala ndi thadzi zija ankhoswe anasinthana zikutanthauzanji, iye amafuna pepala. Bambo apite kwa DC akafunse za kulembetsa ukwatiwo, ngakhale mwina adzafuna nonse awiri muonekere. Zikavuta, pali khomo lina: amalolanso anthu omwe akhala pa ubale wonga wa banja kwa zaka ziwiri kapena kuposera apo, opanda setifiketi. Inu muli ndi mwana wa zaka 12, umboni ukusowa pati? Ife tinaika zikalata za kubadwa za ana zokhala ndi maina athu tonse, pangano la lendi la nyumba ya ku Chilomoni, malisiti a ndalama zomwe ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, zithunzi za pa chinkhoswe, ndi kalata ya ankhoswe a mbali zonse. Kalatayo atsibweni anga analemba m'Chichewa pa pepala long'amba m'kope, ndiye inafunika womasulira wovomerezeka, wolemba dzina lake, siginecha, deti ndi mawu otsimikiza kuti wamasulira molondola. Musamasulire nokha ngakhale Chingerezi mumachidziwa kuposa iyeyo.

Naphiri: Wa zaka 12 uja chikalata cha kubadwa ali nacho? Kulembetsa ana mokakamiza kunayamba mu 2015, ambiri obadwa m'mbuyo mwake ali ndi kabuku ka kusikelo kokha. Ngati alibe, bambo ayambe za NRB mawa lomwe, zimatenga nthawi. Muonenso kalembedwe ka maina. Wanga pa pasipoti dzina linali ndi h, pa chikalata lopanda h, tinataya mwezi wathunthu.

Nachisale: Chikalata ali nacho, mwamwayi. Nanga za mwana wa malemu? Palibe wayankhapo, ndikuona ngati mukundizemba.

Mai a mapasa: Sitikukuzembani amayi, ndi nkhani yowawa chabe. Kwathu mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako, palibe amafunsa. Kuno fomu imafuna mwana wobereka kapena wotengedwa kudzera kukhoti, ndipo kalata ya amfumu kapena ya banja siikwana. Ngakhale khoti la kumudzi litakupatsani mwanayo, a kuno ali ndi malamulo awoawo oti alizindikire lamulo la khotilo. Apa ife tisakunamizeni, pitani kwa loya wa za imigireshoni wolembetsedwa, osati ma agent a pa WhatsApp aja. Chomwe ndikupempheni ndi chimodzi: wina akakuuzani kuti mungomulemba ngati wobereka nokha, mukane. Akagwira bodza amatha kuletsa munthu kulowa kuno zaka 10, ndipo viza yanu ndi ntchito zomwe zimalowa m'madzi.

Nangondo: Fomu yake ikhale payokha, isachedwetse enawo. Ndikudziwa kumuuza mwana kuti anzake anyamuka iye atsale n'kovuta. Wanga wotero anatsala ndi agogo ake, mpaka lero tikuyendabe nazo.

Nabanda: Musaiwale TB. Malawi ili pa mndandanda wa maiko oyezetsa, ku chipatala chokhacho chomwe Home Office inavomereza, osati chilichonse. Pepala lake limagwira ntchito miyezi 6 yokha, ndiye asathamangire kuyezetsa makalata ena asanakonzeke. Wa zaka 7 nthawi zambiri sajambulidwa pachifuwa, dokotala amangomuona ndi kufunsa mafunso, koma apite naye ndithu.

Nachisale: Zikomo achemwali, mwandilanditsa. Ndaimbira bambo, poyamba anati ndiye kuti ndalama yawo ya IHS ipita pachabe miyezi yomwe adzakhale kumudzi. Ndawawerengera zomwe zinawachitikira a Nabanda, angoti zii, kenako akuti akapempha tchuthi cha masabata atatu mu August. HR ndawalembera za CoS. Loya ndamupeza wa Lachiwiri madzulo, ndikaweruka ku parents' evening, msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. A Naphiri, kalabu ya ana ija munkalipira zingati pa sabata?