Kochi wachotsa mwana wanga pa starter, akuti azilowa kumapeto: ndimuuze zotani?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku America ndipo baseball mumaitsata, ndithandizeniko nzeru. Mnyamata wanga wa zaka 16 amaponya mpira mu timu ya kusukulu kwawo. Chaka chatha ankayambitsa masewero ngati starter. Chaka chino kochi wamuuza kuti akhale reliever, azilowa kumapeto n'kuponya inning (gawo la masewero) imodzi kapena ziwiri basi. Mwanayu wagwa mphwayi, akuti amutsitsa.

Ndinayesa kumulimbitsa mtima ndi nkhani ya Mariano Rivera wa New York Yankees, reliever amene anapeza ma save 652 (save ndi pamene reliever wateteza kutsogola kwa timu mpaka masewero kutha) ndipo mu 2019 analowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a baseball, ndi mavoti onse 425, osasowa ngakhale limodzi. Iye anangoti, "Adadi, Rivera ndi mmodzi yekha. Greg Maddux, amene anali starter, anapambana masewero 355 ndipo anaponya ma inning oposa 5,000. Rivera sanafike n'komwe 1,300."

Ndiye ndifunse: ma save 600 angafanane ulemu ndi ma win (masewero opambana) 300? Nanga ndipite kukaonana ndi kochiyo kapena ndimusiye agwire ntchito yake?

Bambo wina wa ku Indiana:
Achimwene, mwanayo musamutsutse, mbali ina akunena zoona. Save ndi chiwerengero chaching'ono msinkhu. Anachiyambitsa ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman, ndipo ligi yaikulu ya MLB inachivomereza mu 1969. Kawirikawiri closer, reliever wotseka masewero, amalowa timu yake ikutsogola ndi ma run osaposa 3, atulutse anthu atatu, save wapeza. Starter kuti alembedwe win ayenera kumaliza ma inning 5 timu ili patsogolo, ndipo omenya omwewo amakumana nawo kawiri kapena katatu, atayamba kale kumuzolowera dzanja. Ntchito ziwirizi kulemera kwake n'kosiyana, n'chifukwa chake ovota a Hall of Fame ya ku Cooperstown amazengereza ndi ma reliever. Billy Wagner, wa ma save 422, anadikira mpaka 2025, chaka chake chakhumi komanso chomaliza pa mavoti, anthu akumunena kuti ma inning 903 ndi ochepa. Amene anadutsa 600 ndi awiri okha, Rivera ndi Trevor Hoffman wa 601. Amene anafika ma win 300 alipo 24. Mukaona kusowa kwake, 600 ndi yovuta kuipeza. Mukaona thukuta, 300 ndi yolemera.

Mayi wina wa ku Texas:
Bambo, ine nkhawa yanga ndi mkono wa mwanayo. Malangizo a Pitch Smart, oteteza mikono ya achinyamata oponya mpira, amati wa zaka 15 ndi 16 asapitirire kuponya ka 95 pa tsiku, ndipo akaponya kwambiri apume masiku angapo. Achinyamata ambiri masiku ano akuchitidwa opaleshoni ya chigongono ija amati Tommy John asanafike ndi ku koleji komwe. Mwina kochi waona kutopa kumene inu simunakuone. Mufunseni mwanayo bwinobwino ngati chigongono kapena phewa silikumuwawa, chifukwa anyamata amabisa poopa kuchotsedwa mu timu.

Membala wina:
Akuluakulu a ku Indiana alankhula bwino, koma za 300 zija n'zakale tsopano. Womaliza kufikapo ndi Randy Johnson mu 2009. Makochi a lero amachotsa starter akayandikira kuponya ka 100, ndiye ma win amenewo achokera kuti? Ngakhale win yeniyeniyo imanama. Mu 2018 Jacob deGrom wa New York Mets anapambana 10 n'kugonja 9, koma anapatsidwa mphoto ya Cy Young, ya woponya bwino koposa, chifukwa ERA yake (avareji ya ma run amene woponya amalola pa ma inning 9) inali 1.70 yokha. Anzake ndiwo sankamenya ma run, iye analibe mlandu.

Chimene ndingamuuze mwana ndi chakuti mpando wa lero si wamuyaya. Rivera yemwe mwamutchulayo anayambitsa masewero 10 mu 1995, zinthu sizinamuyendere, ndipo anadzadziwika atasamutsidwa. Dennis Eckersley anakhala starter zaka zambiri asanakhale closer ku Oakland, anamaliza ndi ma win 197 ndi ma save 390. Koma amene angamugwire mtima mnyamata wanuyo ndi John Smoltz wa Atlanta Braves: anali starter, anavulala chigongono, anabwerera ngati closer, kenako anabwereranso kukayambitsa masewero. Ma win 213, ma save 154, ma strikeout (kutulutsa womenya ndi ma strike atatu) 3,084. Anapita n'kubwerera ndithu.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Amayi, za mkono ndimufunsa usiku uno. Koma za kochi simunandiyankhe, ndipiteko?

Bambo wa ku Indiana:
Musayambe ndinu. Kuno makochi ambiri a kusekondale amafuna wosewera adzifunsire yekha, kholo likatsogola amaona ngati mwabwera kudzakangana. Mwanayo apite akafunse mwaulemu kuti, "Ndikonze chiyani kuti ndidzayambitsenso?" Yankho mwina likhala limodzi mwa awa: akupereka ma walk ambiri (kulola womenya kupita pa base mwaulere chifukwa choponya mophonya), kapena ali ndi maponyedwe awiri okha. Reliever amatha kukhala ndi awiri, Rivera ankadalira kwambiri kaponyedwe kamodzi kotchedwa cutter, koma starter amafunika atatu kuti omenya asamuwerenge akamakumana naye kachitatu. Ngati vuto ndi limenelo, ayambe kuphunzira changeup, kaponyedwe kochepa liwiro kopusitsa womenya, nyengo ino isanathe. Akabwerako osakhutira, pamenepo mupemphe nthawi kwa kochi, mupite naye limodzi mwanayo.