Pressure ikuchepa pakhoma mu LS-DYNA, ndithandizeni

aPhiri, Johannesburg: Akuluakulu, ndikuyesa pa kompyuta, mu pulogalamu ya LS-DYNA, khoma la konkire lotchinga ofesi pafupi ndi mosungira zophulitsira miyala kumgodi. Ndaika makilogalamu 50 a TNT pamtunda wa mamita 10, mpweya ndaupanga ndi ALE, njira yowerengera mmene mpweya ukuyendera. Pressure yofika pakhoma ikuchepa kwambiri poyerekeza ndi ya pa ma curve a Kingery ndi Bulmash, ochokera ku zoyesa zenizeni za kuphulika. Ndikachepetsa kukula kwa ma element a mesh (tizigawo timene model imagawidwamo), nthawi imene ndapatsidwa pa Lengau, kompyuta yaikulu ya ku Cape Town, ikumatha ntchito isanafike n'pakati pomwe. Ndilowere kuti?

Nabanda, Kitwe: Achimwene, zophulikazo mwazikhazika pansi kapena zili m'malere? Zikakhala pansi, nthaka imabweza mphamvu, zimakhala ngati mwachulukitsa TNT pafupifupi kawiri. Komanso pa Z (mtunda woyerekeza ndi kuchuluka kwa TNT) ya 2.7 ngati yanuyi, bwanji osangogwiritsa ntchito LOAD_BLAST_ENHANCED, imene imaika pressure pakhoma mwachindunji popanda kupanga mpweya?

aPhiri: Zili pansi, achemwali, ndipo pansipo ndapalimbitsa. Koma pakati pali chimulu cha dothi ndi kanyumba ka alonda. ConWep, njira imene LOAD_BLAST_ENHANCED imagwiritsa ntchito, siiona zotchinga, imangomenya khoma ngati panjira palibe kanthu.

aMwale, Manchester: Ndiye vuto ndi mesh basi. Kutsogolo kwa funde la kuphulika n'kopyapyala kwambiri, ndipo element ikakula imalifafaniza, nsonga ya pressure n'kutsika. Musachepetse paliponse, chifukwa element yaing'onong'ono ndi imene imalamula time step, kanthawi ka sitepe iliyonse ya kuwerengera, ya model yonse. Yambani ndi 2D axisymmetric (model yofanana mbali zonse kuzungulira zophulikazo) ya mesh yaing'ono kwambiri, muyendetse mpaka funde litatsala pang'ono kukhudza chimulucho, kenako mulisamutsire mu 3D ndi INITIAL_ALE_MAPPING. Gawo la 2D limatha ngakhale pa kompyuta ya mu ofesi.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa: poyerekezapo, chotsani kaye chimulu ndi kanyumbako. Ma curve aja ndi a pabwalo loyera, ndiye kumbuyo kwa chimulu pressure iyenera kutsika ndithu. Ndipo musayang'ane nsonga yokha. Khoma lolemera limamvera kwambiri impulse, kukankha konse kwa pressure pa nthawi yonse imene ikumenya. Kuseri kwa khomalo kudzakhala anthu, tisangokondwa kuti manambala agwirizana.

Nabanda: Zoona. Muonenso hourglass energy (mphamvu yabodza ya kupindika kwa ma element), isapitirire 10 peresenti ya internal energy, ndipo muzilemba d3dump, fayilo yoyambiranso, kuti nthawi ikatha muziyambira pomwe munalekeza.

aPhiri: Ndachita monga mwanenera, bambo Mwale. Popanda chimulu, impulse yagwirizana bwino ndi ma curve, nsonga yatsala pang'ono. Ndabwezera chimulucho, ntchito ili pamzere pa Lengau. Ikatuluka ndikutumizirani zithunzi za ming'alu patsinde pa khoma, chifukwa zitsulo za pamenepo ndi zimene ndikuzikayikira.